Nsanza Yofiira pa Chiwongolero

Injini ya mwana wanga inalira komaliza Lachinayi m'mawa, ine ndili kuseri kwa nyumba ndikuyanika zovala. Sinalire nthawi yaitali. Odziwa za injini akuti sinakwanitse ndi mphindi imodzi yomwe. Ine sindinawerenge. Ndinali nditagwira thalauza lonyowa m'manja, madzi akutsikira m'zigongono, mpaka kulirako kunasintha.

Koma ndiyambire poyambira, chifukwa ndikayambira pakati mundifunsa mafunso, ndipo ine mafunso ndatopa nawo.

Amuna anga ndi makaniko. Galaja yawo inagundana khoma ndi chipinda chathu chochezera, moti kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri ndakhala ndikupukuta girisi pa zitseko, pa makapu, ngakhale pa mapilo. Tinabereka ana awiri. Woyamba ndi wamkazi, ali pabanja kutali. Wachiwiri ndi amene aliyense ankamutchula kuti Kanati, chifukwa ali ndi zaka zitatu anameza kanati ka bawuti m'galajamo. Ine ndi amene ndinakhala masiku awiri ndikutokosa chimbudzi chake ndi kamtengo mpaka kanatuluka. Bambo ake anakatsuka n'kukamanga pa galimoto ya kasitomala. Anati nati ndi nati.

Kanati anakula n'kukhala makaniko woposa bambo ake, ngakhale bambo akewo sanazivomerepo ndi pakamwa. Anamwalira ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Lolemba anagwira ntchito tsiku lonse. Lachiwiri anadzuka akudandaula mutu ndi khosi. Loweruka adokotala anatiitanira m'kachipinda komwe munali mipando iwiri yokha, ife tili atatu. Za zimenezo sindinena zambiri.

Chimene anasiya ndi pikapu. Anaigula ili chiphapha, nkhuku zikuikira mazira pa mpando, ndipo anatha zaka zitatu akuimanga yekha ntchito ya makasitomala ikatha. Ankafuna kukalowa nayo mpikisano wa magalimoto othamanga m'misewu ya fumbi yokwera mapiri. Anaika tebo yaikulu ngati mutu wa munthu kuti izikankhira mpweya wambiri m'injini, anasintha mapisitoni, anasalaza m'kati mwa injini ndi manja mpaka zala zinasupuka. Ikalira, makapu m'kabati mwanga ankagundana. Ndinkatuluka ndi tsache m'manja.

"Iwe, uzimitsa chilombo chakocho kapena ndichithire madzi?"

Iye ankangoseka, n'kuponda moto kawiri, dala, kenako n'kuzimitsa. Kawiri nthawi zonse: vuu, vuu. Anthu a mumsewu wathu ankadziwa kuti ameneyo ndi Kanati akuyankha amake.

Nkhani ya magiya inayambira patebulo tikumwa tiyi. Anabwera ndi tizitsulo tiwiri takuda n'kutiika pa nsalu yanga yoyera. Kena kanali ngati nyenyezi, kena ngati mphete, ndipo kanyenyeziko kankazungulira m'kati mwa kampheteko.

"Chotsa zonyansazo pa nsalu yanga."

"Amayi, taonani kaye. Awa ndi magiya a pampu ya oyilo. Akamazungulira amakoka oyilo pansi n'kumukankhira injini yonse. Awa akangoima, chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake."

"Ndiye aziimira pa nsalu yanga?"

Bambo ake anatenga kanyenyezi kaja n'kukatembenuza. "Magiya amenewa ayenda zaka makumi awiri osadandaula. Iwe vuto lako ndi phuma. Chilichonse ukachiona umafuna kusintha."

"Ayenda zaka makumi awiri akunyamula kabichi, abambo. Awa a kufakitale anawaumba ndi ufa wa chitsulo, kuupanikiza ngati bisiketi. Pa galimoto ya kabichi ali bwino. Koma injini iyi tsopano ikuzungulira kuposa mmene anaipangira, ikugwedezeka kutsogoloku. Bisiketi ukaigwedeza imatani?"

Anatenga bisiketi m'mbale n'kuifinya. Nyenyeswa pa nsalu yanga.

"Ndaitanitsa ena, osema kuchokera ku chitsulo chimodzi cholimba. Amenewo sanyenyeka." Kenako anaika chikhadabo patsinde pa dzino limodzi. "Valani magalasi, muone apa."

Bambo ake anavala magalasi. Panali kamng'alu kochepa ngati tsitsi. Anayang'ana nthawi yaitali, anavula magalasi, n'kunena kuti tiyi wazizira. Ndi mmene amuna anga amavomerera kuti wina wanena zoona.

"Ukanaisiya izinyamula kabichi bwenzi zonsezi kulibe," ndinatero ine.

"Tsiku la mpikisano mudzakhala mpando wakutsogolo, amayi. Ndidzakugulirani chipewa cholimba."

"Udzanditenge ndikadzatopa ndi moyo. Tsopano chotsa."

Limenelo linali Lolemba lija.

M'galaja mwathu muli lamulo limodzi lomwe ngakhale ine wosagwira sipanala ndimalidziwa. Galimoto imene siyenera kulizidwa amaimanga nsanza yofiira pa chiwongolero. Ukapeza nsanza, kiyi usakhudze ngakhale nyumba ikupsa. Ukapeza palibe, liza. Ndipo nsanzayo amamasula ndi amene anamanga, osati wina. Amuna anga anayambitsa zimenezi ali mnyamata, munthu wina ataliza galimoto dzanja lawo lili pa fani. Chala chawo chamkombaphala chakumanja n'chachifupi mpaka lero. Kanati anaiwalapo nsanza kamodzi, ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Palibe chinawonongeka, koma bambo ake anamukumbutsa kwa zaka khumi ndi ziwiri.

Madzulo a Lolembalo, popeza magiya atsopano akanatenga milungu kuti afike, Kanati anatseka pampu ija ili yopanda kanthu m'kati, n'kubwezera china chilichonse m'malo mwake kuti fumbi ndi mavu zisalowe. Kuyang'ana kunja, injini yathunthu. Kenako analowa m'khitchini atanyamula malaya ake ofiira akale.

"Amayi, sizasi."

"Nsanza zatha m'galajamo?"

"Zonse zada. Abambo akaona yakuda ati si yofiira, ndiye mlandu wina wa zaka khumi ndi ziwiri."

"Malaya abwinobwino amenewo! Ndinakugulira ndine."

"Kolala inatha kale. Mwaiwala kuti munati ndikukuchititsani nawo manyazi?"

Anadula mkono umodzi. Ndinamutsatira mpaka pakhomo la galaja ndikulongolola, ndipo ndinamuona ndi maso angawa akumanga pa chiwongolero, mfundo ziwiri, n'kukoka ndi mano. Ndikunena zimenezi kuti pasapezeke wondikhululukira ponena kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa.

Titamuika m'manda, amuna anga anasiya kulowa m'galaja. Ankadzuka, kuvala ovololo, n'kukhala pa mpando wa m'chipinda chochezera atapereka msana ku khoma la galaja mpaka dzuwa kulowa. Chakudya ankangochigwira pamwamba. Makasitomala anabwera mmodzimmodzi kudzakoka magalimoto awo, aliyense akupepesa ngati akuba. Munatsala pikapu yokha pakona.

Mlungu wachitatu kunabwera munthu wa njinga yamoto ndi kabokosi kolemera, kolembedwa dzina la mwana wanga. Ndinasaina ine. Sindinathe kulowa nako m'chipinda chochezera n'kukawerenga dzinalo pamaso pa bambo ake, ndiye ndinakwera pa mpando n'kukaika pamwamba pa kabati ya zovala. Ndinati ndidzawauza akadzakhalako bwino.

Mwana wanga wamkazi, asanabwerere kubanja kwake, anachapa zovala zonse za mlongo wake, kusita, n'kulongedza m'sutikesi. Ankati akundithandiza. Nditatsegula sutikesiyo ndinangomva sopo. Ndinanunkhiza chovala chilichonse, chimodzichimodzi, ngati galu. Sopo yekhayekha. Pilo, sopo. Chipewa, sopo. Mwana ameneyo sachapa bwino chonchi kunyumba kwake.

Tsiku lina ndikusesa m'galaja ndinatsegula chitseko cha pikapu. Nsanza ija inali pomwepo. Malayawo anawadula asanachapidwe. Ndinagwada pakhomo la galimoto, nkhope pa chiwongolero, ndipo anali iyeyo: thukuta, petulo, ndi mafuta otchipa amene ankadzola. Ndinganene kuti za pampu sindinaziganize, koma likhala bodza. Ndinaziganiza pang'ono. Ndinati m'galaja muno salowamo munthu, ndigone nayo lero lokha, mawa ndidzabweza. Mfundo zake zinali zolimba. Ndinamasula ndi mano.

Mawa lake sindinabweze. Inkakhala m'thumba la epuloni, ndikatopa ndi ntchito ndinkalowa m'bafa n'kuitulutsa. Masiku asanu ndi anayi.

Lachitatu ndinapsa mtima. Ndinanyamula mbale ina yosakhudzidwa, n'kuimenyetsanso patebulo.

"Bambo a Kanati, ine ndaika m'manda mmodzi. Sindiika awiri chaka chimodzi. Mwamva?"

Ndinapitiriza.

"Ovololo mukuvalira chiyani? Kuti ndizichapa yoyera kale? Dzukani, kaloweni m'galajamo. Kakhaleni pa tayala, kalireni komweko ngati mukufuna, koma pampando apa muchokepo. Ndikufuna ndisesepo."

"Mwatha?" anatero.

"Sindinathe. Mwana anasiya ntchito yake mmenemo, fumbi likungounjikana. Mukanapita ndinu, iye yanu akanaisiya choncho?"

Anakhalabe pa mpandopo. Koma anali atamva.

Ndiye Lachinayi lija, ndili pa chingwe choyanikira, ndinamva chitseko cha galaja chikukhwekhwereza pansi. Ndinati zikomo Mulungu, adzuka. Ndinamva chitseko cha galimoto. Kenako kiyi. Kenako injini inagwira.

Apa ndi pamene ndimavutika kunena. Sindinathamange nthawi yomweyo. Makapu m'kabati anayamba kugundana, ndipo ine ndinaima ndi thalauza lija ndikumvetsera. Kwa milungu isanu nyumba inali zii, ndiye mwadzidzidzi mwana wanga anali m'galaja. Moto unapondedwa kawiri, vuu, vuu, ndipo pakamwa panga panatseguka kuti ndikalipe. Dzanja linalowa lokha m'thumba la epuloni. Linagwira nsanza.

Ndinathamanga. Ndinapunthwa pa beseni, ndinakuwa, koma injini imeneyo ikamalira munthu samva ngakhale dzina lake. Ndisanafike pakona ya nyumba kulira kunasintha. Munabwera kugogoda m'kati, kho kho kho, ngati wina akumenya chitseko ndi hamala. Kenako chitsulo chinalira mosaiwalika, n'kuti zii.

Ndinawapeza atakhala pa mpando wa dalaivala, manja onse pa chiwongolero. M'galaja monse munali fungo la chitsulo chopsa.

"Ndinatsinzina," anatero osandiyang'ana. "Moyo wanga wonse ndikaliza galimoto diso limakhala pa geji ya oyilo. Lero ndinatsinzina kuti ndimumve bwino."

Anatsika, anatsegula boneti, anatenga masipanala. Patapita nthawi chivundikiro cha pampu chinali m'manja mwawo. Analowetsa chala chawo chachifupi chija m'dzenje momwe mumayenera kukhala magiya, n'kuchizunguliza. Anakoka dirowa ya Kanati, anapeza magiya akale aja atakulungidwa m'nyuzipepala. Anabwerera kukayang'ana pa chiwongolero, pansi pa mpando, kuseri kwa mpando.

"Sanamange nsanza."

Ine ndinali pakhomo, dzanja m'thumba.

"Ndinaona palibe, ndinati ndiye kuti anabwezeramo akalewa podikira atsopano. Palibe nsanza, ndiye ndi yoliza. Ndi mmene timagwirira muno." Anaponya nyuzipepala ija pa benchi. "Zaka zitatu kumanga injini, n'kulephera kumanga kansanza. Phuma lake lija mpaka kumanda."

Ndinatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Ndikuikireni madzi osamba?"

Chodabwitsa n'chakuti tsiku limenelo anadya. Anamaliza mbale n'kupempha ina. Mawa lake anatsitsa injini, anaiphwasula yonse pa benchi. Ankagwira ntchito akulankhula okha, akukalipira mwana ngati ali pansi pa galimoto. "Ndinakuuza kangati? Ee? Kangati?" Mkwiyo unawadzutsa pamene ine ndinalephera.

Alamu anga, mng'ono wawo wa amuna anga, amayendetsa basi ndipo pakamwa pawo palibe mabuleki. Anabwera Loweruka, anasuzumira m'galaja, n'kudzandipeza m'khitchini.

"Alamu, mwawadyetsa chiyani achimwene? Ndawapeza akutukwana bawuti. Munthu akayamba kutukwana bawuti ndiye kuti wachira."

"Sakutukwana bawuti. Akutukwana mwana."

"Aa, mwana sakumva. Asiyeni. Injini ndi chitsulo, ina idzapezeka. Inu mukufuna abwerere pa mpando paja, tizidzawapukuta fumbi ngati wailesi? Tandipatseni tiyi, ndipo shuga musaumire ngati masiku onse."

"Mimba imeneyo ikugunda kale chiwongolero, mukufunanso shuga?"

"Imeneyi ndi imene imandithandiza kukhota."

Ndinawapatsa tiyi. Ndinaganiza kuti mwina akunena zoona. Mwana sakumva, wamoyo akudya. Ndikaulula, mwina abwerera pa mpando, mwina sadzandiyang'ananso kumaso. Ine ndimasamala zimene zilipo. Ndinati ndikhale chete, nsanzayo ndiiwotche nkhani ithe. Ndinaiyandikiza pa moto kawiri. Dzanja linakana.

Koma nkhani ili ndi miyendo. Nditapita kogula sopo, mkazi wa wogulitsa zipangizo za magalimoto anandigwira dzanja pamaso pa anthu.

"Pepani amayi, tamva za injini. Ana a masiku ano ndi choncho, nzeru zambiri koma kusamala ayi."

Galimoto ya anthu amenewo ankawakonzera ndi Kanati, ndipo sinabwererepo ndi vuto. Ndinati zikomo, ndinatenga sopo wanga.

Lolemba kunabwera a Mamilimita, mkulu amene amapala zitsulo za injini pa makina ake. Dzinalo anawapatsa chifukwa ngakhale buledi amadula atayeza. Nditabweretsa tiyi m'galaja ndinapeza atatu onse, iwo, amuna anga ndi alamu, atazungulira kilanki pa benchi. Kilanki ndi chitsulo chachikulu chokhotakhota chimene chimazungulira m'mimba mwa injini. Inali itasanduka yabuluu malo awiri, itakandika ngati aikhwekhwereza pa miyala.

A Mamilimita anayeza, anapukusa mutu, anayezanso.

"Iyi yapita, akulu. Ndikapala mpaka pamene pathera mabalawa, itsala ngati phesi. Maberingi asungunuka, ndodo ziwiri za mapisitoni zapsa. Koma ntchito ya m'mutu mwa injinimu, ayi ndithu, mnyamata ankadziwa. Ine kusalaza kotere sindinakuonepo."

"Manja anali nawo," anatero amuna anga. "Mutu ndiye analibe. Ngakhale magiya amene ankati waitanitsawo, ali kuti? Mwezi watha kale. Mwina anangolankhula. Ine ndinalera makaniko wa theka."

Ndinaika thireyi pansi. Makaniko wa theka. Ndinabwerera m'nyumba, ndinakoka mpando, ndinatsitsa kabokosi kaja. Dzina la mwana linaipitsidwa pamaso pa anthu, ndiye panalibe chifukwa chodikira kuti anthu achoke.

Ndinakaika pa benchi pafupi ndi kilanki. Pamwamba pake ndinaika nsanza.

"Magiya ndi awa. Anafika milungu itatu yapitayo, ndinawabisa ndine. Nsanza ndi iyi. Anamanga, ndinamuona, mfundo ziwiri. Ndinamasula ndine, ndi mano, chifukwa inkanunkhira iye ndipo zina zonse mwana wanu wamkazi anachapa. Injini ndapha ndine. Mwana wanga si makaniko wa theka."

A Mamilimita anayamba kupukuta chida chawo choyezera, chimene chinali choyera kale.

Amuna anga bokosi sanalikhudze. Anatenga nsanza n'kuitambasula. Makwinya a mfundo anali akadalipo. Anayendetsa chala pa msoko wa mkono wa malaya.

"Anamanga," anatero.

"Anamanga."

"Masiku anayi ndakhala ndikumutukwana, inu muli pomwepo mukundiikira chakudya."

"Munkadya."

"Amake Kanati," anatero, mawu ali pansi kwambiri, "mukanandisiya ndi njala."

Anatuluka ndi nsanzayo m'manja, osavula ovololo, osasamba.

"Alamu, ndiwatsatire?" ananong'ona alamu anga.

"Khalani pansi mumalize tiyi wanu."

Kumene anapita ndinamva pambuyo pake. Anayenda wapansi mpaka kwa wogulitsa zipangizo uja, kenako ku magalaja awiri a mumsewu wathu, kenako kwa wowotcherera zitsulo, kulikonse kumene nkhani inafika. Paliponse ankanena mawu omwewo: mwana anamanga nsanza, inachita kuchotsedwa, ndipo amene anamva ine ndikumunena aiwale zimenezo. Akafunsidwa kuti anachotsa ndani, ankati zimenezo n'za m'nyumba mwawo.

Pa mpando paja sanabwererepo. Komanso kwa milungu iwiri sanandilankhule, kupatula "madzi" ndi "zikomo". Ndinkaika chakudya, ankadya theka. Ndinapepesa kamodzi, sindinabwereze. Mwana wanga wamkazi ataimba foni n'kufunsa kuti adadi ali bwanji, ndinati akugwira ntchito. Atafunsa kuti nanga ine, ndinati ndili ndi zochapa.

Tsiku lina masana anandiitana ali m'galaja.

"Amake Kanati, tabwerani. Musambe m'manja."

Bokosi linali lotsegula. Magiya atsopano anali pa nsalu yanga yoyera ya patebulo. Ulendo uno sindinakalipe. Kanyenyezi ndi kamphete, owala ngati masipuni atsopano, olemera m'manja kuposa akale aja. Amuna anga anawakhazika m'pampu, anavala magalasi, n'kuyamba kulowetsa timalata topyapyala toyezera m'mipata, kamodzikamodzi, mpaka atapeza kolowa mothina. Anagoneka rula yachitsulo pamwamba n'kuyezanso. Kenako anazunguliza ndi chala. Sanamveke ngakhale pang'ono.

"Anayeza bwino poitanitsa," anatero. "Za bisiketi zija ankanena zoona."

Mawu amenewo anachedwa ndi miyezi iwiri, ndipo anawauza ine. Ndinayang'ana kumbali.

Anandipatsa kachitini ka mafuta oundana. "Pampu yatsopano sitiitseka youma. Mudzaze m'mipata yonse ya mano, kuti tsiku loliza idzakoke oyilo nthawi yomweyo. Zala zanga n'zazikulu."

Zala zawo zagwira ntchito imeneyo zaka zonsezi osadandaula kukula, koma ndinapaka. Dzino lililonse, osasiya mpata. Iwo anavundikira, anamanga mabawuti mopingasa, limodzi uku, lina uko, pang'onopang'ono.

"Kilanki ina idzapezeka?" ndinafunsa.

"Idzapezeka. Koma sikhala imene anaikamo iye."

Pampu ija anaikulunga m'nsalu yanga n'kuiika pa shelefu, pafupi ndi zidutswa zina za injini. Kenako anatulutsa nsanza m'thumba la ovololo. Inali itada, ikununkha girisi wa m'manja mwawo. Milungu iwiri yonseyo anali akuyenda nayo.

"Kamangeni."

"M'galimotomo mulibe ndi injini yomwe. Munthu aliza chiyani?"

"Kamangeni, amayi."

Ndinatsegula chitseko n'kumanga. Mfundo ziwiri, ndinakoka ndi mano. Anabwera kudzaona, anaikoka pang'ono.

"Mfundo ya pa chingwe choyanikira," anatero. Koma sanaikonze. "Lamulo mukulidziwa. Mwamanga ndinu, mudzamasula ndinu."

Papita miyezi inayi. Makasitomala ena anabwerera. Kilanki inapezeka, ndipo amuna anga akumanga injiniyo Lamlungu masana, pang'onopang'ono, akuyeza chilichonse kawiri. Mawu oti phuma sanamvekenso m'nyumba muno. Akuti ikatha adzandiitana ndidzamasule, iwo diso pa geji. Alamu akuti adzabwera kudzaonerera atandigulira chipewa cholimba chimene mwana anandilonjeza.

Ine sindikudziwa ngati ndikufuna kudzaimva. Idzalira, makapu adzagundana, ndidzatuluka ndi tsache mwachizolowezi, ndipo woti ndimukalipire sadzakhalapo. M'mawa uliwonse ndimasesa mozungulira matayala ake. Dzulo ndinatsegula chitseko n'kuika mphuno pa nsanza ija. Girisi ndi fumbi basi. Ndinatseka, ndinapita kukachapa.